Celsius, Fahrenheit ndi kelvin: kasinthidwe kake ndi kayesedwe ka thermometer kuno ku Zomba

Ndimaphunzitsa Physics pasekondale ina kuno ku Zomba, ndipo pali funso limodzi lomwe limagwetsa ana ambiri, ngakhale aja akatswiri a masamu. M'mawa wa mu Julayi, chifunga chitakuta phiri, thermometer ikuonetsa 15 °C. Masana a mu Okutobala ikuonetsa 30 °C. Kodi kutentha kwawirikiza kawiri? Kalasi yonse imavomera. Yankho ndi ayi. Kwangokwera ndi magawo 5 okha pa 100 alionse.

Ganizirani chitsime chomwe wina analembamo mzere ndi penti pakhoma, masentimita 273 kuchokera pansi. Dzulo madzi anali masentimita 15 pamwamba pa mzerewo, lero mvula itagwa afika pa 30. Wowerenga kuyambira pamzere anena kuti madzi awirikiza, koma woponya chingwe mpaka pansi apeza 288 dzulo ndi 303 lero. Ndipo madziwo akatsika kupitirira mzere, chitsime sichinaphwe, madzi akadalimo ambiri. Mzere uja ndiye 0 °C. Pansi pa chitsime ndiye 0 K, poyambira sikelo ya kelvin, pomwe pa Celsius ndi −273.15 °C. Choncho musanagwire calculator, dziwani kaye kuti sikelo yomwe muli nayo ikuyambira pati kuwerenga.

Celsius ndi Fahrenheit

Sikelo yomwe timamva pawailesi akamanena zanyengo, yomwenso anamwino amalemba m'buku la kuchipatala, inachokera kwa Anders Celsius wa ku Uppsala m'dziko la Sweden mu 1742. Mwiniwakeyo anaiika chadodolido: 0 pomwe madzi amawira, 100 pomwe amaundana. Anthu ena ndiwo anaitembenuza kuti ikhale mmene tikuidziwira lero. Kwa zaka zambiri inkatchedwa centigrade, mpaka mu 1948 pomwe anagwirizana zoipatsa dzina la Celsius, n'chifukwa chake achikulire ena ophunzira kale mumawamvabe akuti centigrade.

Fahrenheit ndi yakale kuposa pamenepo. Daniel Gabriel Fahrenheit, wobadwira ku Danzig koma wogwira ntchito yake ku Amsterdam, anaifotokoza mu 1724. Ziro yake anaitenga pa msakanizo wa madzi, ayezi ndi mchere wina wotchedwa ammonium chloride. Pa sikelo imeneyi madzi amaundana pa 32 ndipo amawira pa 212. Pakati pa manambala awiriwa pali madigiri 180, pomwe pa Celsius mtunda womwewo uli ndi madigiri 100. Ndiye kuti madigiri 9 a Fahrenheit ndi ofanana ndi madigiri 5 a Celsius. Mukagwira zinthu ziwirizi, 32 uja ndi 9 kwa 5, simufunikanso kuloweza fomula.

Mwina mukuti Fahrenheit ndi nkhani ya ku America, ife itikhudza bwanji. Imalowa m'nyumba zathu mwakachetechete: pa thermometer yomwe mbale wanu anakutumizirani kuchokera kunja, pa uvuni wogula pa kaunjika, m'mavidiyo ophunzitsa kuphika keke a pa YouTube, ndi m'timabuku tobwera ndi makina oswetsera anapiye.

Kuchoka ku Fahrenheit kupita ku Celsius, yambani mwachotsa 32, kenako chulukitsani ndi 5, mugawe ndi 9. Kuchotsa kukhale koyambirira, mukasemphanitsa yankho limasokonekera. Uvuni wa 350 °F: kuchotsa 32 kutsala 318, kuchulukitsa ndi 5 ndi 1,590, kugawa ndi 9 ndi 177 °C, ndipo ophika amangoti 180. Mwana yemwe thermometer yaonetsa 102 °F: 70, kenako 350, kenako 38.9 °C. Nambala yoti muisunge m'mutu ndi 100.4 °F, yomwe ndi 38 °C ndendende. Mwana akafika pamenepo thupi latentha, ndipo kuno kwathu kwa malungo ndi bwino kukamuyezetsa osadikira kuti kuche kawiri. Akakhala khanda losakwana miyezi 3 musazengereze n'komwe. Ma thermometer ambiri a batire amasintha kuchoka ku °F kupita ku °C mukadina batani lake kwa masekondi angapo osalisiya, yang'anani kapepala kake.

Kubwerera kuchoka ku Celsius kupita ku Fahrenheit kuli ndi njira ya pamtima yomwe ndimaikonda chifukwa siphonya: wirikizani kawiri, chotsani gawo limodzi mwa magawo 10 a zomwe mwapezazo, wonjezerani 32. Thupi la munthu, 37 °C: kuwirikiza ndi 74, kuchotsa 7.4 kutsala 66.6, kuwonjezera 32 ndi 98.6 °F.

Palinso chidule china chosinthira Fahrenheit kukhala Celsius chomwe anyamata amaphunzitsana, chochotsa 30 n'kugawa pakati. Chimenechi n'chabwino pofuna kudziwa ngati mbale wanu ku Texas wavala juzi kapena ayi, basi. Chimalondola pa 50 °F pokha, yomwe ndi 10 °C, ndipo mukamatalikira pamenepo chimanka chiphonya. Mayi ena oweta nkhuku ku Matawale anabwera kwathu ndi kabuku ka incubator yawo, chala chili pa 99.5 °F.

"Aphunzitsi, mwana wanga wandiwerengera kuti ndi 35. Nanga bwanji anapiye akuchedwa kuswa, ena akufera m'mazira?"

"Mayi, tiyeni tiwerengere limodzi. Chotsani 32."

Tinapeza 67.5, kuchulukitsa ndi 5 n'kugawa ndi 9, yankho 37.5 °C. Chidule chija chinawadyera madigiri awiri ndi theka, ndipo dzira la nkhuku lomwe limafuna masiku 21 pa 37.5 °C silikhululuka kuphonya kotero. Pa mazira, pa katemera ndi pa thupi la wodwala, werengerani njira yonse.

Pali malo amodzi pomwe masikelo awiriwa amakumana: −40 °C ndi −40 °F ndi kuzizira kumodzimodzi. Kuno sitidzakuona, koma ndi njira yabwino yoyesera ngati fomula mwailemba bwino.

Kodi −273 inachokera kuti?

Izi mutha kuziona ndi maso anu ngati muli ndi firiji ndipo magetsi sanathime. Tengani botolo la pulasitiki la mamililita 500, lopanda kanthu ndiponso louma bwino, mulitseke kolimba masana kunja kukutentha cha m'ma 30 °C, muliike mu freezer. Pakatha ola limodzi mukalipeza litaphwafuka m'mbali. Mpweya sunatuluke, wangofinyika. Mukalitulutsa n'kulifumbata m'manja, mumva likulira phwa phwa likubwerera mwakale.

Akatswiri akale atayesa zimenezi mosamala anapeza kuti mpweya, kaya ndi wamtundu wanji, ukazizira ndi digiri imodzi umataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 273 a malo omwe unkatenga pa 0 °C. Joseph Gay-Lussac wa ku France anafalitsa zoyesa zake pankhaniyi mu 1802. Mukajambula graph ya kukula kwa mpweya ndi kutentha kwake mumapeza mzere wowongoka, ndipo mukaupitiriza ndi rula kulowera kozizira umakagunda ziro cha pa −273 °C. Mpweya weniweni umasanduka madzi usanafike kumeneko, koma mzerewo umaloza malo enieni.

Chomwe thermometer imayeza kwenikweni ndi mphamvu ya kugwedezeka ndi kuthamanga kwa tinthu ting'onoting'ono topanga chinthucho, maatomu ndi mamolekyu. Chinthu chikamazizira, mphamvu imeneyi imachepa, ndipo pali pomwe sungachotsenso ina iliyonse. Pamenepo ndiye 0 K. Mabuku ena amati maatomu amaimiratu. Kunena zoona amatsala ndi kanjenjemera kena kosachotseka, koma pa mayeso a MSCE zimenezo sizikusokonezani. Palibe amene anafikapo pa 0 K, ndipo malamulo a Physics amati n'zosatheka, ngakhale m'malabu ena afika pochepera gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a kelvin imodzi. Kuthambo kutali ndi nyenyezi kuli pa 2.7 K. Nitrogen wamadzi yemwe a zoweta amasungiramo umuna wa ng'ombe ali pa 77 K, kapena kuti −196 °C.

Amene anakhazikitsa sikelo yoyambira pansi penipenipa ndi William Thomson mu 1848, ali ndi zaka 24, akuphunzitsa pa yunivesite ya Glasgow, mzinda womwe uli kufupi ndi Blantyre wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Dzina lakuti Kelvin analilandira mu 1892 atapatsidwa ulemu wa Lord, ndipo linachokera ku mtsinje wa Kelvin womwe umadutsa pafupi ndi yunivesiteyo. Chomwe chinkamuvutitsa Thomson n'chakuti thermometer ya mercury ndi ya alcohol mutha kuzigwirizanitsa pa 0 ndi pa 100, koma pakatikati zimasiyana pang'ono chifukwa zamadzimadzi ziwirizi sizifufuma mofanana. Ndiye yolondola ndi iti? Iye anafuna sikelo yosadalira mercury, alcohol kapena chinthu china chilichonse, ndipo anaipeza potsatira maganizo a Sadi Carnot a mu 1824 onena za injini zoyendera moto. N'chifukwa chake kutentha koyezedwa mu kelvin amakutcha thermodynamic temperature.

Kusintha kwake n'kosavuta chifukwa kelvin imodzi ndi yofanana kukula ndi digiri imodzi ya Celsius. Wonjezerani 273.15 kuti mupeze kelvin, chotsani 273.15 kuti mubwerere. Pa masamu a kusekondale 273 imakwana. Thupi la munthu ndi 310 K, firiji ya katemera yomwe imayenera kukhala pakati pa 2 ndi 8 °C ili pakati pa 275 ndi 281 K. Mukapeza kelvin yokhala ndi minus, bwererani, mwalakwitsa penapake. Muli ndi Fahrenheit ndipo mukufuna kelvin? Dzerani kaye pa Celsius, musadumphe.

Nthawi yowonjezera 273 ndi nthawi yoisiya

Apa ndi pomwe malikisi amatayikira, ndipo si ana okha, ngakhale amisiri. Yang'anani chomwe fomula ikuchita ndi kutenthako. Ngati ikuchulukitsa kapena kugawa ndi mlingo wa kutentha, muyenera kelvin, palibe kuchitira mwina. Ngati ikungofuna kusiyana kwa milingo iwiri, Celsius ikwana, ndipo 273 musaikhudze.

Tiyambe ndi tayala. Minibasi ikunyamuka m'mawa pa depoti ya Zomba kunja kuli 15 °C, geji ikuonetsa pressure ya 220 kPa (makilopascal, muyeso wa pressure), kapena kuti 2.2 bar. Yayenda pa tara wotentha kulowera ku Liwonde itadzaza, ndipo mpweya wa m'tayala wafika 45 °C. Wowerengera ndi Celsius anena kuti 45 ndi 15 kuwirikiza katatu, ndiye pressure ifika 660 kPa. Zikanakhala choncho bwenzi matayala akuphulika tsiku lililonse tisanafike pa Domasi. Njira yake ndi iyi. Sinthani kutentha kukhale kelvin: 288 K ndi 318 K. Kenako kumbukirani kuti gejinso ili ndi vuto lomwelo la ziro yabodza, chifukwa imaonetsa pressure yoposa ya mpweya wotizungulira. Kuno ku Zomba mpweya wotizungulirawo uli cha pa 90 kPa, ndiye pressure yeniyeni ya m'tayala ndi 220 kuphatikiza 90, yomwe ndi 310 kPa. Chulukitsani 310 ndi 318, mugawe ndi 288, mupeza 342 kPa. Chotsaninso 90 uja kuti mudziwe zomwe geji ionetse: 252 kPa. Yakwera ndi 32 yokha. Opanga matayala amakudziwa kukwera kumeneku ndipo anakuwerengera kale, choncho dalaivala amene amaphwetsako tayala lotentha panjira poona kuti geji yakwera amadzapeza mawa m'mawa lili lofewa. Pimani matayala galimoto isanayende.

Botolo lija la mu freezer limatsata lamulo lomwelo. Kuchoka pa 303 K kufika pa 255 K, yomwe ndi −18 °C: 500 kuchulukitsa ndi 255, kugawa ndi 303, mupeza mamililita 421. Pafupifupi 80 asowa, ndiko kuphwafuka munakuona kuja. Tayesani kuwerengera ndi −18 ndi 30 muone, mupeza botolo la kukula kwa minus.

Fomula ya Carnot, yonena malire a ntchito yomwe injini ingatulutse kuchokera ku kutentha, nayonso imagawa. Injini yolandira nthunzi ya 500 °C n'kutayira kutentha kwake pa 30 °C singasandutse kukhala ntchito gawo la mphamvu yake loposa 1 − (303 ÷ 773), zomwe ndi magawo 61 pa 100. Ndi Celsius mungapeze 94, n'kuyamba kulota zosatheka.

Tsopano mbali inayo. Mukuwiritsa malita 2 a madzi mu ketulo, kuchoka pa 22 °C kufika pa 97 °C. Kusiyana kwake ndi 75, kaya muwerengere mu Celsius kapena mu kelvin, pakuti 370 kuchotsa 295 ndi 75 yomweyo. Madzi amafuna majoule 4,200 pa kilogalamu iliyonse kuti akwere ndi kelvin imodzi, ndiye 2 kuchulukitsa ndi 4,200 kuchulukitsanso ndi 75 ndi majoule 630,000. Ketulo ya mawatts 2,000 itenga mphindi 5 ndi masekondi pang'ono. Mwana amene waloweza kuti "ukaona K wonjezera 273" amalemba 348 m'malo mwa 75, ndipo ketulo yake imatha mphindi zoposa 24 isanawire. Chimodzimodzi kuseri kwa solar panel, pomwe mumapeza nambala ngati −0.4 %/K kapena −0.4 %/°C; ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Mphamvu yolembedwa pa panel amaiyezera pa 25 °C. Ikafika 60 °C padenga la malata mu Okutobala, yakwera ndi 35, ndipo yataya magawo 14 pa 100 a mphamvu yake.

Posintha kusiyana kuchoka ku Fahrenheit, 32 ujanso musamukhudze. Kukwera kwa madigiri 18 a Fahrenheit ndi kukwera kwa madigiri 10 a Celsius, basi.

Palinso sikelo ya Rankine, ya William Rankine wa ku Glasgow komweko, ya mu 1859. Imayambira pansi ngati kelvin koma madigiri ake ndi a Fahrenheit: wonjezerani 459.67 pa Fahrenheit, kapena chulukitsani kelvin ndi 1.8. Mudzakumana nayo pokhapokha mutatsegula buku la uinjiniya la ku America. Ya Réaumur, yomwe madzi amawira pa 80, inatha ntchito.

273.15 kapena 273.16?

Ophunzira a pa yunivesite ya Malawi ku Chirunga amandifunsa kawirikawiri kuti yolondola ndi iti, ngati kuti ina ndi yolembedwa molakwika. Zonse ndi zolondola koma zikunena zinthu zosiyana. 273.15 ndi nambala yosinthira, pakuti 0 °C ndi 273.15 K. Koma 273.16 K, kapena kuti 0.01 °C, ndi triple point ya madzi: mukatsekera madzi oyera m'galasi lochotsedwamo mpweya wonse, pali mlingo umodzi wokha pomwe ayezi, madzi ndi nthunzi zimakhalira pamodzi osasinthana, pa pressure yochepetsetsa ya pafupifupi 612 Pa. Mu 1954 mayiko anagwirizana kuti kelvin itsamire pamenepa, popeza triple point sisintha ndi nyengo kapena kukwera kwa malo. Kuyambira pa 20 Meyi 2019 kelvin inamasulidwanso ku madzi. Tsopano imatsamira pa nambala ya Boltzmann, yolumikiza kutentha ndi mphamvu ya maatomu, yomwe anaikhomerera pa 1.380649 × 10⁻²³ J/K. Kwa inu ndi ine palibe chomwe chinasintha, thermometer yanu sinafunike kukonzedwa.

M'malabu akuluakulu amayesa zida zawo potsata dongosolo la ITS-90, la mu 1990, lomwe lili ndi malo okhazikika monga triple point ya madzi, kusungunuka kwa chitsulo cha gallium pa 29.7646 °C ndi kuundana kwa chitsulo cha tin pa 231.928 °C. Kuno kwathu, amene akufuna satifiketi ya chida chake amapita ku Malawi Bureau of Standards.

Polemba, ndi 300 K, popanda kachizindikiro ka digiri. Kanachotsedwa mu 1967. K ndi wamkulu. k wamng'ono ndi wa kilo.

Kuyesa thermometer yanu pakhomo

Masamu onsewa ndi achabe ngati chida chikunama, ndipo zotsika mtengo zambiri zimaphonya ndi digiri imodzi kapena ziwiri. Njira iyi ndi ya thermometer ya mulabu ya galasi, ya kukhitchini ya kachitsulo kosongoka, ndi ya waya ya mufiriji kapena mu incubator ngati mutu wake sulowa madzi.

Yambani ndi ayezi, chifukwa kusungunuka kwa ayezi sikusamala kuti muli paphiri kapena kuchigwa. Gwiritsani ntchito madzi oyera opanda mchere kapena shuga. Kulungani ayeziyo m'nsalu, mumuphwanye ndi munsi akhale tizidutswa ngati nsawawa, mudzaze fulasiki kapena kapu yaikulu mpaka pamwamba. Thiranimo madzi ozizira pang'ono, ongokwana kutseka mipata. Ayezi akayamba kuyandama ndiye kuti madzi achuluka, ndipo pansi pa kapu padzakhala pofundirapo, khuthulaniko. Takasani, mudikire mphindi 3, chifukwa ayezi wongotuluka mu freezer amakhala pansi pa ziro. Lowetsani thermometer masentimita 5 pakati, osakhudza m'mbali kapena pansi, mudikire mpaka nambala itaima. Ya galasi muiwerenge ili momwemo, diso lili mulingo umodzi ndi mutu wa mzere. Iyenera kuonetsa 0 °C, kapena 32 °F.

Kenako madzi owira, ndipo apa ndi pomwe Zomba imapusitsa anthu. Buku limati 100 °C, inu mupeza 97, n'kuyamba kunyoza wogulitsa. Thermometer ilibe mlandu. Madzi amawira nthunzi yake ikapeza mphamvu yokankha mpweya womwe ukuwapsinja pamwamba. Kugombe la nyanja yamchere mpweyawo uli pa 101 kPa, koma tauni yathu ili pamtunda wa mamita oposa 900, pomwe watsika kufika cha pa 90 kPa, ndiye madzi savutika kwambiri kuti awire. Pa mamita 300 alionse omwe mwakwera, chotsani digiri imodzi. Kwa Kachulu kunyanja ya Chilwa, komwe ndi mamita oposa 600 pang'ono, yembekezani 98 °C. M'tauni, 97. Pamwamba pa phiri cha kudamu la Mulunguzi, cha m'ma 95. Pansonga ya Malumbe, yomwe imapitirira mamita 2,000, mupeza 93, ndipo nyemba kumeneko zimadya nkhuni. Mafoni ambiri amatha kukuuzani kukwera kwa malo omwe muli. Nyengo ya tsikulo imasunthanso nambalayi pang'ono, choncho kuphonya kwa theka la digiri musadandaule nako.

Gwiritsani ntchito poto wakuya, madzi akhale ambiri, awire bwatabwata poto ali wosavundikira. Mutu wa thermometer ukhale pakati pa madzi, usagunde pansi pa poto, pakuti chitsulo chomwe chili pamakala n'chotentha kuposa madziwo. Imangeni ndi kawaya pa mthiko wopingasa pakamwa pa poto kuti nthunzi isakuwotcheni dzanja.

Mukakhala ndi manambala awiriwa, onani mtundu wa kuphonya. Ikaonetsa 2 mu ayezi ndi 99 m'madzi owira, yangosunthika ndi 2 paliponse. Lembani "chotsa 2" pa kapepala mumate pa chidacho, ndipo chikhoza kugwirabe ntchito. Ikaonetsa 0 mu ayezi koma 94 powira, ndiye kuti madigiri ake ndi otambasuka. Chulukitsani zomwe ikuonetsa ndi 97, mugawe ndi 94. Ya galasi yomwe mzere wake waduka pakati, kukhala ndi mipata, musaikhulupirire mpaka mzerewo utalumikizananso.

Njira yomweyi ndi yomwe imabwera pa mayeso ngati funso la thermometer yopanda manambala. Mzere uli pa masentimita 2 mu ayezi, pa 22 m'madzi owira, pa 9 m'madzi ofunda. Wakwera 7 mwa 20, ndiye papepala la mayeso yankho ndi 7 kugawa ndi 20 kuchulukitsa ndi 100, lomwe ndi 35 °C. Koma mukachita zimenezi ndi manja mulabu ya kuno, chulukitsani ndi 97, ndipo mupeza 34 °C. Ine ndimafuna kuti ana anga adziwe mayankho onse awiri ndi chifukwa chake.

Thermometer ya kuchipatala musaiyese chonchi. Ya galasi imalekeza cha pa 42 °C ndipo m'madzi owira imaphulika. Ya batire mu ayezi imangolemba Lo. Imeneyi muiyese poiviika m'madzi ofunda a 37 kapena 38 °C pamodzi ndi ina yomwe mwaiyesa kale, mitu yawo itayandikana. Ya mercury ikasweka, tulutsani ana, tsegulani mawindo, musasese ndi tsache ndipo musagwire ndi manja. Kankhirani timadontho take pa pepala lolimba, mutsekere m'botolo. Zija zonga mfuti zomwe tinazolowera pazipata nthawi ya Covid-19 zimayeza pamwamba pa chinthu pokha, ndipo pa poto wonyezimira zimaonetsa nambala yotsika kwambiri.

Kelvin ya pa bokosi la babu

Malo omwe anthu ambiri amakumana ndi K osadziwa ndi m'sitolo ya zamagetsi. Pa bokosi la babu la LED pamalembedwa 2700K, 4000K kapena 6500K. Sikuti babulo limatentha choncho, likanasungunula denga. Nambalayo ikunena mtundu wa kuwala. Chitsulo chikamatenthedwa chimayamba kufiira, kenako chikasu, kenako kuyera, ndipo chikapitirira chimalowera kobiriwira ngati thambo. Waya wa m'mababu akale aja unkafikadi cha pa 2,700 K, n'chifukwa chake kuwala kwake kunali kwachikasu. Pamwamba pa dzuwa ndi pafupifupi 5,800 K. Babu la LED limangotsanzira mtunduwo lili lofunda chabe.

Ndiye pogula, nambala yaing'ono ndi kuwala kwachikasu kofatsa, yaikulu ndi kuwala koyera kothobwa m'maso. Kuchipinda ndi pabalaza ine ndimasankha 2700 kapena 3000 K. Kukhitchini ndi patebulo lowerengera 4000 K imakhala bwino. Ya 6500 K, yomwe ndi yochuluka m'mashopu athu, ndi ya muokala, mugaraja ndi panja. Musaganize kuti 6500 K iwala kwambiri kuposa 3000 K. Kuchuluka kwa kuwala kuli pa nambala ya lumens, ndipo magetsi omwe lidye ali pa watts. Pakhonde nthawi ya dzinja ikanipo lachikasu, silikoka tizilombo tambiri ngati loyera lija. Koma ngati cholinga chanu ndi ngumbi, gulani la 6500 K, mutchere beseni la madzi pansi pake.